Mphamvu ku Anthu: Kodi Zinafika M'mudzi Mwathu?



Pali mawu atatu amene takhala tikuwamva m'dziko muno kuyambira m'chaka cha 1998, mawu akuti "mphamvu ku anthu." Amatchulidwa pa misonkhano ya chitukuko, alangizi amawatchula, ndipo andale akakwera pa nsanja nthawi ya kampeni sawaiwala. Koma mutafunsa mayi amene amadzuka tambala woyamba kukakhala pa mzere wa mjigo umodzi wa midzi itatu kuti mphamvuzo zili kuti, mwina adzangokuyang'anani, naseka. Lero tifuna kumasulira mawuwa pang'onopang'ono. Tiona kumene anachokera, zimene lamulo likunena, njira imene dandaulo la m'mudzi liyenera kudzera kufikira litasanduka mlatho kapena chipinda cha sukulu, ndi pamene njirayo yatsekeka. Pakuti munthu sangaitanitse chinthu chake ngati sadziwa kuti ndi chake.

Nzeru ya mawuwa si yachilendo. M'buku la Eksodo, mutu 18, timamva za Mose ali m'chipululu, akuweruza milandu ya Aisraele yekhayekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu atamzinga kudikira. Mpongozi wake Yetero ataona zimenezi anamchenjeza kuti adzadzilemetsa yekha ndi kulemetsanso anthu. Anamlangiza kuti asankhe anthu okhulupirika, odana ndi ziphuphu, oti ayang'anire magulu a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10, kuti nkhani zazing'ono zizithera komweko ndipo zazikulu zokha zizifika kwa iye. Patapita zaka zambirimbiri, mu 1931, Papa Pius XI anaphunzitsa zofanana m'kalata yake yotchedwa Quadragesimo Anno: kuti nkulakwa kulanda kagulu kakang'ono ntchito imene kangathe kuichita kokha ndi kuipereka ku bungwe lalikulu, popeza udindo wa wamkulu ndi kuthandiza wamng'ono, osati kummeza. Makolo athu sanawerenge kalata ya Papa, komabe anali nawo kale mwambi wake: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene akudziwa kuti mtsinje wakuti umatsekereza ana kupita ku sukulu mu Januwale ndi amene amakhala m'mbali mwa mtsinjewo. Wa mu ofesi ya ku Capital Hill angathe kukhala wophunzira ndi wa mtima wabwino, koma mtsinjewo sanauwolokepo.

Nanga mphamvu zinachoka bwanji m'mudzi kuti lero tizinena za kuzibwezera? Kale pakati pa Achewa nkhani zinkathera pabwalo. Mfumu inali ndi nduna zake, ndipo pakulowa ufumu amayi akuluakulu a mbumba ndiwo ankaloza woyenera. Sitinena kuti zonse zinali zolungama, koma mfumu inkadziwa kuti ikuyang'aniridwa ndi anthu ake omwe. Atsamunda atalanda dziko lino mu 1891 anabweretsa msonkho wa nyumba ndi bwanamkubwa wa boma, ndipo lamulo la 1933 linasandutsa mafumu akuluakulu kukhala manja a boma, otolera msonkho ndi oweruza m'dzina la boma. Kuyambira pamenepo maso a mfumu anayamba kuyang'ana kumwamba kumene kunkachokera malamulo ndi mswahala. Ufulu wa 1964 sunatembenuze masowo. Lamulo la mafumu la 1967 linapatsa Pulezidenti mphamvu zovomereza mfumu ndi zoichotsa.

Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda analumbiritsidwa kukhala Pulezidenti wamuyaya. Achikulire amene mukutimvera mukukumbukira nsanamira zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mukukumbukiranso zabwino za nthawiyo, ndipo sitikutsutsani: misewu inamangidwa, likulu linabwera ku Lilongwe, alangizi ankayendera minda, ADMARC inali ndi misika m'midzi. Koma zonsezi zinkaperekedwa ngati mphatso yochokera kwa munthu mmodzi, ndipo wolandira mphatso safunsa mtengo wake. Wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pa chipata cha msika, pokwerera basi, ngakhale pa chipatala. Wofunsa funso losayenera ankatha kuzimirira usiku. Ife a ku Dowa sitiyenera kupita kutali kukafuna umboni, pakuti Dzaleka, kumene kuyambira 1994 kwakhala msasa wa anthu othawa kwawo, inali ndende ya anthu ogwidwa pa zifukwa za ndale ndi za chipembedzo.

Mantha a boma lija pa anthu wamba okhala pansi kukambirana zawo anaonekera ngakhale pa nkhani ya miphakati yathu. Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, analimbikitsa miphakati kudzera mu sinodi ya dayosizi ya zaka za 1973 mpaka 1975. Akhristu okhala moyandikana anayamba kukumana, kusankha atsogoleri awo, kusonkha ndalama zawo ndi kukambirana mavuto awo popanda kudikira wansembe. Aboma anakayikira kuti timagulu timeneti ndi ndale zobisika. Episkopiyo anakakamizika kuchoka m'dziko, ndipo anatula pansi udindo wake mu 1979. Tikatchula zimenezi tifuna inu akatekisi muone kuti luso lochititsa msonkhano, lolemba zokambirana ndi lowerengera anthu ndalama zawo poyera, limene mumaliyesa laling'ono, linali loopsa kwa olamulira a nthawi ija.

Tsono linafika Lamulungu loyamba la Lenti, pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi yotchedwa Living our Faith inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi. Inanena poyera zimene aliyense ankazidziwa koma osazitchula: kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, kuchepa kwa sukulu ndi mankhwala, kutsekera anthu popanda mlandu, kukakamiza makhadi ndi mphatso, ndi kutseka anthu pakamwa. Maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre, kalatayo inaletsedwa, nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko mwezi wotsatira. Mwezi womwewo wa Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege. Koma chitseko chinali chitatseguka. Mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda anagwirizana m'bungwe la PAC, ndipo pa 14 Juni 1993 kunachitika riferendamu ija ya nyali ndi tambala wakuda. Pafupifupi anthu 63 mwa 100 alionse anasankha nyali, ndiko kuti zipani zambiri.

Pano pali chinthu chimene sitikonda kuchitchula koma nchofunika. M'chigawo chapakati, ndipo makamaka muno mu Dowa ndi Ntchisi, ambiri anavotera tambala. Anagonja. Nanga chinawachitikira nchiyani? Palibe amene anawatengera ku Dzaleka. Anabwerera ku minda yawo, ndipo chaka chotsatira, pa 17 Meyi 1994, anavotanso mwaufulu, natumiza ku Nyumba ya Malamulo aphungu a chipani chimene iwo ankachikonda, ngakhale upulezidenti unapita kwa Bakili Muluzi. Dongosolo limene anakana ndi lomwe linawateteza. Amene lero amanyoza demokalase chifukwa cha kukwera mtengo kwa feteleza aganizirepo zimenezi asanalakelake za kale.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko, amene anayamba kugwira ntchito mu Meyi 1994 nakhazikitsidwa kotheratu mu 1995, ali ndi gawo limodzi limene mwana aliyense wa sukulu anayenera kulidziwa, gawo 12. Limanena kuti ulamuliro wonse umachokera kwa anthu a Malawi, kuti aliyense wokhala pa udindo wangosungitsidwa ulamulirowo, ndipo kuti adzausunga pokhapokha anthu akupitiriza kumkhulupirira, chikhulupiriro chimene chimasungika ndi boma lochita zinthu poyera ndi loyankha mafunso. Mawu akuti kusungitsa timawadziwa bwino. Munthu akakusungitsa mbuzi zake, umazidyetsa, mwina amakupatsako mwana mmodzi, koma tsiku limene mwini afika kudzaziwerenga sukwiya, ndipo sumuuza kuti akuthokoze chifukwa wamuonetsa mbuzi zake. Malamulowo analinso ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe ngati sakuwatumikira. Aphungu analifafaniza mu 1995. Wosungitsidwa mbuzi anayamba msanga kutseka khola.

Mu 1998 boma linavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono. Cholinga chinali chakuti ntchito zokhudza moyo wa tsiku ndi tsiku, monga sukulu za pulayimale, zipatala zazing'ono, ulangizi wa zaulimi, madzi akumwa, misika ndi misewu ya m'midzi, zichoke m'manja mwa maunduna a ku Lilongwe zipite ku makhonsolo, pamodzi ndi ndalama zake ndi antchito ake. Tiyeni tiitsate njirayi kuyambira pansi, chifukwa apa ndi pamene ambiri timasokonezeka.

Pansi penipeni pali komiti ya chitukuko ya m'mudzi, imene timaitcha VDC. Imakhazikitsidwa m'dera la gulupu mmodzi, ndipo mamembala ake amasankhidwa ndi anthu a m'midzi ya pansi pa gulupuyo, amuna ndi akazi. Gulupu ndi mlangizi wa komitiyi. Wapampando ayenera kukhala munthu wosankhidwa. Ntchito ya VDC ndi kusonkhanitsa anthu kuti atchule mavuto awo, awaike mu ndondomeko kuyambira lopweteka kwambiri, ndi kulemba pulani ya mudzi. Kulemba kumeneku nkofunika kopambana, pakuti dandaulo longonenedwa pa maliro kapena pa mowa limathera pomwepo. Mapulani a ma VDC onse amapita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, kumene amasankha zoyenera kutsogola m'dera lonse. Pambali pa ADC pali kagulu ka antchito a boma a m'deralo, alangizi a zaulimi, azaumoyo, a zankhalango, a chitukuko cha m'midzi ndi alangizi a sukulu, amene ntchito yawo ndi kuunikira komitiyo pa zaluso: ngati malo akutiakuti angatuluke madzi, ngati mlatho wa matabwa ungapirire pamenepo. Inu a ku Nachisaka muli ndi mwayi wakuti dzina la kwanu ndi dzina la dera la zaulimi, lokhala ndi ofesi yake ndi alangizi ake. Anthu amenewa ndi gawo la njira imeneyi, ndipo muli ndi ufulu wowafunsa.

Kuchokera ku ADC nkhani zimapita ku khonsolo, ku boma la Dowa kapena la Ntchisi. M'khonsolo eniake a voti ndi makhansala, amene timawasankha wodi iliyonse mmodzi. Mafumu akuluakulu amakhalamo koma savota. Chimodzimodzinso oimira magulu apadera monga amayi, achinyamata ndi aulumali. Khonsolo ndiyo imavomereza pulani ya chitukuko ya boma lonse ndi bajeti ya chaka, imakhazikitsa malamulo ang'onoang'ono a m'boma, ndipo imayang'anira DC ndi antchito ake, amene ndiwo amagwira ndalama ndi kuchita zimene khonsolo yagamula. Ndalamazo zimachokera ku ziphaso za pamsika, ku malaisensi a malonda, kwa abwenzi akunja, koma gawo lalikulu limachokera ku boma lalikulu. Ndondomeko ya 1998 inalonjeza kuti makhonsolo azilandira ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zimene boma latolera, kuti zigwire ntchito za chitukuko.

Pa pepala nyumbayi ndi yomangidwa bwino. Tsono tione zimene zinaichitikira. Chisankho choyamba cha makhansala chinachitika mu Novembala 2000, ndipo anthu amene anapita kukavota anali ochepa zedi, pafupifupi 14 mwa 100 alionse olembetsa. Nthawi ya makhansalawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike. Chinkalengezedwa ndi kuimitsidwa, kulengezedwa ndi kuimitsidwa, mpaka pa 20 Meyi 2014. Zaka zisanu ndi zinayi makhonsolo anayenda opanda munthu ndi mmodzi yemwe wosankhidwa kuti ayang'anire ndalama zake, ngakhale malamulo aakulu a dziko ankalamula kuti makhansala akhalepo. Mkati mwa zaka zimenezo, mu 2010, lamulo linasinthidwa: aphungu anapatsidwa voti m'khonsolo, mawodi anachepetsedwa, ndipo mphamvu yosankha DC inapita kwa nduna ya boma. Ndalama zija za 5 pa 100 boma lakhala likulephera kuzifikitsa, ndipo zochepa zimene zimatumizidwa nthawi zambiri zimafika mochedwa. Maboma a zipani zosiyanasiyana alowa ndi kutuluka, koma pa nkhani yosafuna kutaya mphamvu akhala ngati ana a mimba imodzi. Tisaiwalenso kuti makhonsolo eniake sali oyera: malipoti a mkulu wofufuza za ndalama za boma akhala akuonetsa ndalama zotuluka popanda zikalata ndi ntchito zolipiridwa zosatha. Kusamutsa ndalama kuchoka ku Lilongwe kupita ku boma popanda maso a anthu ndi kungosamutsa nkhokwe kuipereka kwa anankafumbwe ena.

Chimene chasokoneza kwambiri maganizo athu ndi udindo wa phungu. Ntchito ya phungu ndi itatu: kupanga malamulo, kuvomereza ndi kulondoloza bajeti ya dziko, ndi kulankhulira anthu ake m'Nyumba ya Malamulo. Kukumba mjigo ndi kukonza msewu wa kumudzi ndi ntchito ya khonsolo. Koma mu 2006 kunakhazikitsidwa thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF, ndipo ngakhale ndalama zake zinkadzera ku khonsolo, mawu a phungu ndiwo ankalemera pa kasankhidwe ka ntchito. Zotsatira zake tonse taziona. Mlatho womangidwa ndi misonkho ya anthu unkatchedwa mlatho wa bwana wakutiwakuti; midzi imene inavotera wina inkadikira; pulani ya VDC inkagona m'kabati pamene ntchito zinkapita kumene kuli ochemerera. Khansala, amene lamulo linamuika kuti atsogolere chitukuko, anasanduka wonyamula chikwama kapena mdani wa phungu. Mu Meyi 2025, pa mlandu umene linabweretsa bungwe la makhonsolo la MALGA, bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'khonsolo ndi kulowerera kwawo pa kayendetsedwe ka CDF nzosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Chifukwa chake nchosavuta kumva: munthu mmodzi sangakhale wogawa ndalama, woigwiritsa ntchito ndiponso wofufuza ngati yagwira ntchito bwino.

Komabe tisaloze chala aphungu okha. Ndani amagogoda pa khomo la phungu m'bandakucha kupempha bokosi la maliro, galimoto yonyamula mtembo, fizi ya mwana ndi ndalama ya chigayo? Umphawi ndi woona, ndipo wopempha pa tsoka sitimuweruza. Koma tidziwe kuti malipiro a phungu sangakwanire maliro a dera lonse, ndipo amene timamuyesa wabwino chifukwa cha mabokosi adzafuna kwina kopezera ndalama za mabokosiwo. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa mavoti. Lamulo lotere ndi lovuta kulisunga pamene wopereka ndi wolandira onse akondwa. Nsalu ya chipani imatha m'chaka chimodzi, K2,000 ya pa msonkhano imatha tsiku lomwelo, koma voti imamanga zaka zisanu. Ndipo amene wagula voti yanu sadzabweranso kudzakufunsani maganizo, chifukwa m'mtima mwake analipira kale.

Kwa mlimi wa ku Nachisaka boma limaonekera kwambiri pa chinthu chimodzi: mndandanda wa maina. Kuyambira 2005, pamene boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi a feteleza wotsika mtengo, kudzera mu 2020 pamene ndondomekoyi inasinthidwa dzina kukhala AIP ndi kuyamba kugwiritsa ntchito chiphaso cha unzika, funso la chaka ndi chaka lakhala lakuti, ndani walembedwa? Chimodzimodzinso pa Mtukula Pakhomo, umene unayambira ku Mchinji mu 2006, ndi pa chimanga cha chithandizo m'zaka za njala. Apa ndi pamene ulamuliro wabwino kapena woipa umalowa m'nyumba ndi kukhala pa mphasa. Mndandanda ukalembedwa usiku m'nyumba ya munthu mmodzi, mudzapezamo abale a wolemba, midzi imene kulibe, ndi maina a anthu amene tinawaika kale m'manda, pamene mayi wamasiye wolera adzukulu asanu wasiyidwa. Mndandanda womwewo ukawerengedwa mokweza pabwalo, masana, mudzi wonse ulipo, bodza limavuta, pakuti aliyense akudziwa nkhokwe ya mnzake. Palibe chifukwa chodikira lamulo latsopano lochokera ku Lilongwe kuti maina awerengedwe poyera. Nyakwawa ndi VDC angathe kuyamba chaka chino. Ndipo kwa inu mafumu athu, amene timakulemekezani: anthu amati mfumu ndi kudzala, kotayako zinyalala zonse za mudzi, ndipo tikudziwa kuti makuponi akachepa mkwiyo wonse umagwera inu. Kuwerenga poyera kumatetezanso inu.

Wina anganene kuti, nanga ife anthu wamba tikafunsa, ndani adzatiyankha? Mbiri ya zaka zapitazi ikuonetsa kuti kufunsa sikupita pachabe nthawi zonse. Mu Julayi 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a nthawi ya upulezidenti inagwa m'Nyumba ya Malamulo, itaperewera mavoti atatu okha, mipingo ndi mabungwe atakana kwa miyezi yambiri. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019, chija cha tipeksi, nagamulanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Chisankho chinabwerezedwa pa 23 Juni 2020 ndipo Lazarus Chakwera anapambana. Pa 16 Sepitembala 2025 anthu omwewo anabwezera Peter Mutharika pa mpando, ndipo wogonja anavomereza. Panalinso masiku a misozi, monga pa 20 Julayi 2011 pamene anthu 20 anaphedwa pa zionetsero, ndi chaka cha 2013 pamene kuba kwa ndalama za boma kotchedwa Cashgate kunaululika. Koma nzoona kuti Amalawi aphunzira kusintha Pulezidenti ndi chala chonyika mu inki, chinthu chimene maiko ambiri a mu Africa akuchilakalakabe. Chodabwitsa nchakuti anthu amene saopa kuchotsa Pulezidenti amaopa kufunsa wapampando wa komiti ya mjigo kumene kunapita ndalama zosonkha za mwezi watha. Wa ku Lilongwe ali kutali ndipo voti ndi yachinsinsi. Wa komiti ndi mlamu wathu, ndipo tidzakumana naye mawa ku dimba. Ulemu wathu wachimalawi, umene ndi chuma, pano umasanduka chophimba. Tiyenera kuphunzira kufunsa mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo, ndipo ofunsidwa aphunzire kuti funso si chipongwe.

Lamulo lili kumbali ya wofunsa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga wa boma, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2016, linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Limalola nzika iliyonse kupempha ku ofesi ya boma, kuphatikizapo khonsolo, kuti ione zikalata zokhudza ntchito za anthu: ndalama zimene zinaperekedwa pa chipinda cha sukulu, dzina la kontirakitala, tsiku limene ntchito inayenera kutha. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, ndipo munthu angathe kukakhala kumbuyo ndi kumvetsera zimene khansala wake akunena, kapena kuona kuti sakunena kanthu. Wolakwiridwa ndi ofesi ya boma angathe kukadandaula kwa Ombudsman, ndipo nkhani za ziphuphu zili ndi bungwe lake la ACB. Zoona, maofesi amenewa ali kutali ndi Nachisaka, ndipo ulendo wa kabaza kapena wa njinga yamoto umadya ndalama. Nchifukwa chake munthu mmodzi sangathe. Mutu umodzi susenza denga. Koma midzi khumi ikasonkherana ndi kutuma anthu awiri ndi kalata yosainidwa, kalatayo imalemera.

Inu akatekisi ndi atsogoleri a miphakati, tikupemphani chinthu chimodzi mosamala. Guwa si nsanja ya chipani, ndipo mphakati usasanduke nthambi ya chipani chilichonse. M'tchalitchi chimodzi mumagwada a makaka osiyanasiyana, ndipo onse ndi ana a nyumba imodzi. Koma luso limene muli nalo mudzi ukulisowa. Mumadziwa kuitanitsa msonkhano ndi kuusunga pa mutu wake, mumadziwa kupatsa mpata mayi wamanyazi kuti alankhule, mumadziwa kulemba m'kope ndi kuwerenga lipoti la chuma pamaso pa anthu. Pamene mudzi ukusankha VDC, komiti ya sukulu, ya chipatala kapena ya mjigo, akhristu asabisale kunyumba nkumati zimenezo nza dziko. Pitani, pamodzi ndi abale athu a CCAP, a mipingo ina, Asilamu ndi a kudambwe, pakuti mjigo sufunsa chipembedzo. Ndipo mukasankhidwa, kumbukirani kuti gawo 12 lija likunena za inunso. Komiti imene imangodzuka pakamveka alawansi ya semina, nigona chaka chonse, yaba mphamvu za anthu mofanana ndi nduna yakuba.

Nthawi yake ndi yofunikanso kuidziwa. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo, ndipo makhonsolo amakonza bajeti zawo miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Mudzi umene ukumbukira za mlatho wake mu Febuluwale, madzi atadzaza kale, wachedwa ndi chaka chathunthu. Miyezi yoyenera kukhala pansi ndi ya chilimwe, zokolola zili m'nkhokwe, fodya ndi soya zitagulitsidwa, mvula isanagwe. Pa msonkhano umenewo pakhale kope, ndipo mulembedwe vuto, chiwerengero cha mabanja amene likuwakhudza, zimene mudzi ungapereke wokha monga mchenga, miyala ndi manja, ndi zimene ukupempha ku khonsolo. Kalata imodzi ipite ku ADC, ina kwa khansala, yachitatu itsale kwa mlembi wa VDC, yolembedwa tsiku ndi dzina la amene anailandira, kuti pakatha miyezi itatu otumidwa akafunse pamene yafika.